Mainjekita a saizi yanji pa injini ya turbo kuno kuchigwa cha Shire?

Munthu akangokweza boost ya galimoto yake, yomwe ndi pulesha ya mpweya umene turbo imakankhira m'injini, kaya ndi Subaru, Starlet Glanza, Nissan ya injini ya SR20DET kapena Mark II ya 1JZ-GTE, posakhalitsa amapezeka ali pagalaja pa Nchalo kapena pa Ngabu n'kumafunsa kuti, "Madala, ndigule mainjekita a ma cc angati?" Yankho lofala ndi lakuti agule aakulu kwambiri amene thumba lake lingathe. Yankho limeneli limandidetsa nkhawa, chifukwa saizi ya injekita, kachipangizo kopopera mafuta m'injini, imawerengeredwa, ndipo masamu ake aliyense wodziwa kuchulukitsa ndi kugawa angathe kuwachita pafoni. Nambala ya ma cc yolembedwa pakatoni, imene imanena kuchuluka kwa mafuta amene injekita imatulutsa pa mphindi, payokha sikuuzani zambiri ngati simukudziwa pulesha imene anayezera, magetsi amene injekitayo imafuna, ndiponso ngati kompyuta ya galimoto yanu ingathe kuilamulira.

Tiyambe n'kupatula mainjini amene nkhaniyi sikuwakhudza. Turbo zambiri zimene zimayenda mumsewu wa M1 pakati pa Chikwawa ndi Nsanje ndi za dizilo, monga Hilux ya D-4D. Mainjekita a zimenezo amapopera mwachindunji m'silinda ndi pulesha yopitirira mabar 1,000, ndipo ambiri amakhala ndi nambala yoti ilowetsedwe m'kompyuta akasinthidwa. Nawonso mainjini a petulo a GDI kapena D-4, opopera mwachindunji m'silinda, ali ndi malamulo awoawo. Zimene ndikufotokoza pano ndi za injini ya petulo imene injekita yake imapopera m'njira ya mpweya, kuseri kwa valavu yolowetsa.

Injekita siwonjezera mphamvu ya injini. Mphamvu imadalira kuchuluka kwa mpweya umene walowa m'silinda, ndipo ntchito ya turbo ndi kukankhiramo mpweya wochuluka kuposa umene pisitoni ikanakoka yokha. Boost ya bar imodzi imatanthauza kuti mpweya wolowa wachuluka pafupifupi kawiri. Petulo amangoyenera kutsatira. Kuti apse yense, kilogalamu imodzi ya petulo wosasakaniza imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Koma injini ikakhala pa boost timaipatsa dala petulo wopitirira, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 11.5 kapena 12 a mpweya, chifukwa petulo wotsalayo akamasanduka nthunzi amaziziritsa m'silinda. Akachepa, moto wam'kati umatentha mopitirira, mafuta amayamba kuphulika okha nthawi isanakwane, injini imagogoda, ndipo m'masekondi ochepa m'mphepete mwa pisitoni mumadyeka. Makaniko akamasula pulagi ya silinda yoteroyo amapeza kumutu kwake kuli mbuu, ndi timadontho tonyezimira ta aluminiyamu tomatirira pamenepo. Timadontho timeneto ndi pisitoni yanu.

Injekita yeniyeniyo ndi kavalavu kotsegulidwa ndi maginito a magetsi. Siitseguka theka. Imakhala yotseka kapena yotsegula, basi. Choncho kuchuluka kwa petulo wolowa kumadalira kukula kwa timabowo take, pulesha imene ikukankha mafuta, ndi nthawi imene kompyuta yaisiya yotsegula. Nthawi imeneyi ndiyo imapanikiza. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, imazungulira ka 100 pa sekondi, ndipo silinda iliyonse imayatsa moto kamodzi pa maulendo awiri alionse. Ndiye kuti injekita ili ndi mamilisekondi 20 okha (milisekondi ndi gawo limodzi pa magawo 1,000 a sekondi) oti itsegule, ipopere, itseke, ulendo wina usanafike. Gawo la nthawiyi limene imakhala yotsegula amakaniko amalitchula kuti duty cycle. Ikatsegula mamilisekondi 16 mwa 20 aja, ili pa 80 peresenti. Ikafika pa 100 ndiye kuti sikutsekanso, ndipo kompyuta ikafuna kuwonjezera mafuta ilibenso powatenga. Ngakhale isanafike pamenepo, ikadutsa cha m'ma 90 singano yam'kati imalephera kutseka bwinobwino isanaitanidwenso, mafuta otuluka sakhalanso odalirika, ndipo koyilo imatentha. N'chifukwa chake powerengera timaima pa 80, kapena 85 ngati mainjekita ndi amakono.

Masamu ake ndi awa. Injini ya turbo ya petulo imamwa pafupifupi mapaundi 0.55 mpaka 0.65 a mafuta (paundi ndi muyeso wa kulemera) pa ola pa horsepower iliyonse ikamakoka ndi mphamvu zonse. Yopanda turbo imamwa 0.45 mpaka 0.50. Tinene kuti muli ndi injini ya masilinda anayi ndipo mukufuna horsepower 300. Chulukitsani 300 ndi 0.60, mupeza mapaundi 180 pa ola, omwe ndi malita pafupifupi 110, zigubu zisanu ndi theka za malita 20 pa ola limodzi mukanati mupondebe osaleka. Gawani 180 ndi masilinda anayi, mupeza 45. Gawaninso 45 ndi 0.80, kuti injekita isapitirire 80 peresenti, mupeza 56. Popeza paundi imodzi pa ola ndi pafupifupi ma cc 10.5 pa mphindi, 56 kuchulukitsa ndi 10.5 akutipatsa ma cc pafupifupi 590. Mwachidule, pa injini ya turbo ya masilinda anayi injekita iliyonse imafuna ma cc pafupifupi awiri pa horsepower iliyonse. Pa masilinda asanu ndi imodzi, horsepower 300 zomwezo zimafuna ma cc pafupifupi 400.

Horsepower imene ikulowa m'masamuwa ndi ya pa injini penipeni. Ngati nambala yanu anayezera pamatayala, wonjezerani pafupifupi 15 peresenti imene imatayikira m'giyabokosi ndi m'difu, ndipo galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imataya yoposa pamenepo. Komanso nenani zoona pa cholinga chanu. Kulemba 500 pamene turbo yanu ndi mapisitoni anu sangapirire kupitirira 280 kumangokugulitsani chinthu chimene chidzakuvutitseni. Mukayesa masamu omwewa pa mainjekita a ma cc 370 amene SR20DET zakale zinkabwera nawo pa horsepower za m'ma 200, muona kuti anali kale pafupi ndi malire awo. Ndiye mwiniwake akangomangitsa kasipuling'i ka wastegate, kavalavu koletsa boost kupitirira mlingo, kuti boost ikwere, mafuta ndiwo amayamba kupereweza.

Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa masamu a pamwambawa amaganiza kuti m'thanki muli petulo yekhayekha. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol. Dziko lino linayamba kuchita zimenezi mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo kuyambira mu 2004 PressCane yakhala ikupanga ethanol m'boma lomwe lino la Chikwawa kuchokera ku molasesi wa nzimbe za ku Nchalo. Mlingo wosakanizira umatha kufika 20 pa 100, ndipo umasinthasintha malinga ndi kupezeka kwa ethanol. Kwa injini ya turbo, ethanol ndi bwenzi: amakweza okiteni, muyeso wa kupirira kwa petulo kuti asaphulike yekha, ndiponso amaziziritsa mpweya wolowa, motero injini sigogoda msanga. Koma ali ndi mphamvu yochepa pa lita poyerekeza ndi petulo. Ethanol payekha amafuna magawo 9 okha a mpweya. Akasakanizidwa 10 pa 100, nambala ija ya 14.7 imatsikira pa 14.1, ndipo pa 20 pa 100 imafika cha pa 13.5. Tanthauzo lake n'lakuti injekita iyenera kutulutsa mafuta ochulukirapo ndi pafupifupi 4 peresenti pa mlingo woyambawo, ndi 8 peresenti pa wachiwiriwo. Popeza pothira simudziwa kuti lero asakaniza motani, werengerani mlingo wokwerawo. Ma cc 590 aja akhala pafupifupi 640.

Mpweya wakuno nawonso uli ndi zake, ndipo pamenepa ambiri amasokoneza zinthu ziwiri, kutsika kwa malo ndi kutentha. Chigwachi chili pansi kwambiri. Malo otsika kuposa onse m'Malawi, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ali kumene Shire amatulukira kulowa mu Mozambique, pamene Blantyre ali cha pa mamita 1,000. Mpweya wa pansi pano ndi wothinana kuposa wa kumtunda ndi pafupifupi gawo limodzi pa khumi. Galimoto imene kompyuta yake anaichunira ku Blantyre mainjekita ali pa 85 peresenti ikatsikira kuno, makamaka m'mawa wozizira wa mu June, imameza mpweya wochulukirapo pa boost yomweyo ya pa geji, ndipo imafuna mafuta ochulukirapo. Pamenepo ndi pamene injekita imafika pamalire ake. Mu October ndi November, dzuwa likamaswa mtengo kutentha n'kudutsa madigiri 40, mpweya umapepukako, pafupifupi 6 peresenti poyerekeza ndi wa madigiri 20, koma vuto limakhala lina. Intercooler, choziziritsira mpweya wochokera ku turbo, singaziziritse mpweyawo kuposa mphepo imene ikuiwomba, ndipo mphepoyo ndi yotentha kale. Mpweya wolowa m'silinda ukatentha injini imagogoda msanga, ndiye kompyuta yabwino imathira mafuta owonjezera kuti iziziritse. Nyengo zonse ziwirizi zikupempha chinthu chimodzi, chomwe ndi malo otsala pa injekita. Ine pa chitsanzo chathuchi ndingasankhe 650 ngati palibe ina, koma mtima wanga ungakhazikike pa 750.

Chikweza cha Thabwa chimawonjezera chifukwa china. Kuponda moto masekondi asanu pamsewu wosalala wa ku Bangula n'kosiyana ndi kukwera kuchokera pa mlatho wa Kamuzu mpaka pamwamba, injini ili pa boost mphindi zambiri, galimoto yodzaza, liwiro lochepa chifukwa cha makhona ndi malole, mphepo yochepa pa rediyeta ndi pa intercooler. Injini imene mafuta ake ali pamalire imatha kupulumuka pachidikha kwa miyezi, n'kudzagonja paphiri limeneli.

Nanga bwanji osangogula za ma cc 1,000 n'kuiwalako? Vuto lili kumunsi, pa idling, pamene galimoto yaima injini ikulira yokha. Injekita iliyonse imachedwa pang'ono kutseguka magetsi akafika, chifukwa maginito ayenera kuyamba akoka singano molimbana ndi sipuling'i ndi pulesha ya mafuta. Kuchedwa kumeneku kumatchedwa dead time, ndipo nthawi zambiri kumakhala pafupi ndi milisekondi imodzi pa mavoti 14. Magetsi akatsika kumatalika, ndipo kuno kutentha kumafooketsa mabatire msanga. Tiyerekeze kuti pa idling injini imafuna kuti injekita ya 370 ipopere mamilisekondi awiri. Ya 1,000 iyenera kupereka mafuta omwewo pa 0.7 chabe. Zili ngati kuthira madzi m'kabotolo ka mankhwala kuchokera m'ndowa yodzaza: dzanja likangogwedera pang'ono, mwasefukiritsa. Kompyuta ikalakwitsa dead time ndi 0.2 yokha, pa boost, pomwe injekita imatsegula mamilisekondi 16, kulakwitsako sikufika ndi 2 peresenti yomwe. Pa idling kumapitirira gawo limodzi pa anayi a mafuta onse. Ndiye mumaona galimoto yolira mokwera ndi kutsika, yozima mukayatsa eyakoni, yonunkha petulo.

Mainjekita amakono, monga a mtundu wa Bosch EV14, achepetsa kwambiri vutoli. Singano yake ndi yopepuka ndipo imatsegula mwachangu, moti ya 1,000 imatha kulira bwino pa injini ya malita awiri. Koma zimatero pokhapokha wogulitsa akupatsani tebulo losonyeza dead time pa mavoti osiyanasiyana ndi pa pulesha zosiyanasiyana, ndipo wochuna walilowetsa m'kompyuta. Kwa ine, injekita ya 750 yokhala ndi tebulo lake imaposa ya saizi iliyonse yopanda pepala.

Ndipo kompyutayo iyenera kuuzidwa. Mukachotsa 370 n'kuika 650 osasintha kanthu, kompyuta idzapitiriza kutsegula nthawi yomwe ija, mafuta n'kuchuluka ndi 76 peresenti. Payokha, pogwiritsa ntchito sensa ya m'ekizozi, imatha kukonza pafupifupi 20 kapena 25 peresenti basi. Otsalawo amatuluka ngati utsi wakuda, amadetsa mapulagi, ndipo choipa kwambiri n'chakuti amatsuka oyilo wa m'makoma a silinda n'kutsikira pansi kukasungunula oyilo yense. Mukasolola chitsulo choyezera oyilo n'kumva fungo la petulo, maringi ndi mabeyaring'i akudyeka. Choncho musanagule mainjekita, dziwani kaye ngati kompyuta ya galimoto yanu imalola kulembedwanso, kapena mufunika ina yoikirapo, ndiponso amene adzakuchunireni.

Za pulesha ndi zofunika kuzimvetsa bwino chifukwa pamenepa pamabisala ngozi ina. Mainjekita ambiri amayezedwa pa mabar atatu. Mukakweza pulesha mafuta otuluka amachuluka, koma osati mofanana ndi mmene mwakwezera. Kuchoka pa mabar atatu kufika pa anayi ndi kukweza ndi 33 peresenti, koma mafuta amangowonjezereka ndi 15 peresenti, kwinaku pampu ikulemedwa ndipo dead time ikutalika. Ndiye kumanga regulator, kachipangizo kolamulira pulesha ya mafuta, si njira yosandutsira injekita yaing'ono kukhala yaikulu. Chinanso, chimene chimakankha mafuta ndi kusiyana kwa pulesha ya m'payipi ya mafuta ndi ya m'manifodi, njira ya mpweya momwe injekita ikupopera. Ngati mafuta ali pa mabar atatu ndipo boost yafika bar imodzi, kusiyanako kwatsala mabar awiri, ndipo injekita yataya pafupifupi 18 peresenti ya mafuta ake panthawi yeniyeni imene akufunika kwambiri. N'chifukwa chake regulator ya injini ya turbo imakhala ndi kapayipi kochokera ku manifodi, kuti boost ikakwera ndi bar imodzi nayonso pulesha ya mafuta ikwere ndi bar imodzi. Kapayipi kameneka ndi ka labala, kamauma ndi kung'aluka ndi kutentha kwa kuno, ndipo kakavuka palibe nyali imene imayaka. Kamangeni ndi kawaya mbali zonse ziwiri ndipo muzikayang'ana.

Pampu nayo ilowe m'masamu. Mainjekita anayi a 750 akatseguliratu amafuna ma cc 3,000 pa mphindi, omwe ndi malita 180 pa ola. Pampu yodziwika ya Walbro 255 imapereka malita 255 pa ola pa pulesha ya pafupi ndi mabar atatu, koma pa boost ikukankha mabar anayi kapena kuposa, ndipo imapereka ochepera. Mawaya akale opita kuthanki akamadya voti imodzi kapena ziwiri, imatsikanso. Pampu imaziziritsidwa ndi mafuta omwe yamiramo, choncho chizolowezi choyenda ndi malita atatu m'thanki masana a mu November chimaipha.

Pa mtundu wa injekita, choyamba kuyeza ndi ma ohm, ndipo mita wamba ya magetsi imakwanira. Gunditsani nsonga zake pa timapini tiwiri ta injekita. Mukapeza pakati pa 10 ndi 16, imeneyo ndi yokoka magetsi ochepa, pafupifupi ampu imodzi. Mukapeza pakati pa 2 ndi 5, ndi yokoka ambiri, ndipo imafuna kompyuta yopangidwira zimenezo kapena kabokosi ka maresisita panjira, monga momwe zinalili pa Mitsubishi Lancer Evolution ya injini ya 4G63. Mukalumikiza ya ma ohm awiri ndi theka ku kompyuta yoyembekezera 12, mudzadutsa maampu pafupifupi asanu, ndipo tiziwalo ta m'kompyuta tidzapsa. Mukachita zosemphana, kuika ya ma ohm 12 n'kusiya maresisita akale, imatsegula mochedwa kapena osatsegula n'komwe. Kale mainjekita aakulu ambiri anali a ma ohm ochepa chifukwa ndiwo ankatsegula msanga. Lero palibenso chifukwa chenicheni chowafunira.

Kenako onani mmene imakhalira pa injini. Ina imalandira mafuta kumutu, ina m'mbali itamira m'kati mwa payipi ya mafuta, monga pa SR20DET ndi Subaru zina zakale, ndipo mitundu iwiriyi sisinthana popanda kusintha payipiyo. Kutalika kumasiyana, timphira ta kumutu tilipo ta mamilimita 11 ndi ta 14, ndipo mapulagi a mawaya a Bosch ndi a Denso salowana. Timphirato tikhale tatsopano ndiponso topirira ethanol, monga ta Viton, ndipo mutipake kaoyilo polowetsa. Kamphira kotsinidwa kamadontheza petulo pafupi ndi turbo yotentha, ndipo galimoto imapsa. Kapoperedwe nakonso n'kofunika. Injini ya mavalavu awiri olowetsa pa silinda imachita bwino ndi injekita yopopera mbali ziwiri, kuti mafuta alunjike pa mavalavu m'malo momenya khoma la pakati.

Chenjerani ndi mainjekita otchipa modabwitsa a pa intaneti, ndi ena amene munthu wangokulitsa timabowo kapena kuchotsa kambale ka kumapeto. Angatulutsedi ma cc olembedwawo, koma anayiwo safanana, ndipo kompyuta imawatenga ngati ofanana. Silinda imodzi ikamalandira mafuta ochepa ndi 10 peresenti, sensa ya m'ekizozi imaona zosakanikirana za masilinda onse n'kunena kuti zili bwino, pamene imodziyo ikupsa. Njira yodziwira ndi kuwayeza asanalowe pa injini. Pamakina oyezera, injekita iliyonse imapopera m'kachubu kake ka galasi kokhala ndi mizere. Yabwino imatulutsa nkhungu yosalala yofalikira mofanana, ndipo ikatseka kumlomo kwake kumakhala kouma. Yoipa imatulutsa kamtsinje kopindikira mbali imodzi, kapena imasiya dontho likulendewera. Ikatha nthawi yoyezera mumayang'ana mizere ya machubu anayiwo: isasiyane kupitirira 2 kapena 3 peresenti. Yezani potsegula nthawi yaitali komanso potsegula pang'onopang'ono ngati pa idling, chifukwa zabodza zambiri zimagwidwa pachiwiripa. Ntchito imeneyi ichitikire pamalo odutsa mphepo, kutali ndi moto ndi fodya.

Ngakhale injekita yabwino imatsekeka. Mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni ambirife timagula a m'zigubu, ndipo m'zigubu mumakhala fumbi, nthawi zina madzi. Ethanol amayamwa madziwo, ndipo akachuluka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki pomwe pampu imakokera. Galimoto imene inamirako m'madzi osefukira, monga a namondwe Ana mu 2022 kapena Freddy mu 2023, thanki yake iyenera kutsitsidwa ndi kutsukidwa mainjekita atsopano asanaikidwe. Kumutu kwa injekita kuli kasefa kakang'ono kwambiri, ndipo kakatsekeka theka, ya 750 ija yasanduka ya 600 inu osadziwa. Sinthani fyuluta ya mafuta pafupipafupi kuposa mmene buku la ku Japan likunenera, chifukwa bukulo silinalembedwere fumbi la ku Ngabu.

Zonse zikamangidwa, masamu aja amayenera kutsimikizidwa ndi geji. Sensa ya m'ekizozi imene galimoto inabwera nayo nthawi zambiri imangodziwa ngati mafuta ali pamwamba kapena pansi pa 14.7, ndipo siingakuuzeni kusiyana kwa 11.5 ndi 13.5, komwe ndi kusiyana kwa injini yamoyo ndi yosungunuka. Pamafunika sensa ya wideband, imene imasonyeza mlingo weniweni wa mpweya ndi mafuta, ndi geji yake. Pa petulo wathu wosakaniza ndi bwino kuwerenga lambda, nambala imene imakhala 1.00 mpweya ndi mafuta zikalingana bwino n'kutsika mafuta akachuluka, chifukwa siisintha ndi mlingo wa ethanol: 1.00 poyenda wamba, ndi pakati pa 0.78 ndi 0.82 pa boost yonse. Kuchunako kuchitikire pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto, ngati mungaipeze, kuyambira pa boost yotsika n'kumakweza pang'onopang'ono, wochuna akuyang'ana lambda, duty cycle ndi pulesha ya mafuta nthawi imodzi. Ngati lambda ikukwera injini ikamathamanga kwambiri pamene duty cycle idakali pa 70, vuto si injekita, yang'anani pampu, fyuluta ndi kapayipi ka regulator. Ngati duty cycle yadutsa 85, tsitsani boost mpaka mutagula zokulirapo. Ndipo ngati anakuchunirani kumtunda, onaninso manambala omwewo mukafika kuno, kamodzi m'mawa kukuzizira ndi kamodzi masana kukutentha.